Nkhata ya Ndege

Bambo anga anachotsedwa pa ntchito yosamala ndege mu Okutobala 1984, ndipo kufikira tsiku limene tinawaika m'manda ku Chinhoyi, patapita zaka 20, sanaleke kunena kuti sanalakwe. Sankanena mokweza mawu ayi. Nkhaniyo inkangotulukira yokha pamene akukonza mpini wa khasu, kapena pamene ndege yadutsa m'mwamba ife tili pa nsima. Ankatukula maso, n'kuitsatira mpaka itazimirira, kenaka n'kunena chapansipansi kuti, "Ija inakhalira matako. Ndinawauza." Ife ana tinazolowera mawuwo monga mmene munthu amazolowerera chifuwa cha nkhalamba usiku. Ine makamaka, amene ndinapita kusukulu kuposa onse m'banja mwathu, ndinali ndi chifukwa changachanga chosawamvetsera, ndipo chifukwacho ndi chimene chandilembetsa nkhani ino.

Bambo anachoka kwawo ku Ntcheu mu 1959, ali mnyamata wosakwatira. Anapita kudzera kwa Mthandizi, dzina limene anthu akwathu anapatsa bungwe la Rhodesia Native Labour Supply Commission, lomwe kuyambira 1946 linkasonkhanitsa amuna a ku Nyasaland kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia. Anawoloka Zambezi pa Tete, nalowera ku Mutoko, ndipo mapeto ake anafikira pa famu ina ya fodya kufupi ndi Banket, pa msewu wochoka ku Harare kupita ku Chinhoyi. M'komboni ya pa famupo Chinyanja ndicho chinali chiyankhulo cha pakhomo, cha kumaliro ndi cha kudambwe. Munali Achewa a ku Dedza, Angoni a ku Ntcheu, Ayao a ku Mangochi ndi anthu a ku Tete, ndipo Lamulungu masana ng'oma za gule zinkapikisana ndi nyimbo za a CCAP. Ine ndinabadwira m'komboni imeneyo mu 1972.

Ntchito yoyamba ya bambo inali yoyendetsa ngolo ya ng'ombe, ija anzathu a Chishona amati chikochikari. Ankatuta nkhuni zopita ku mabalani owotchera fodya. Pamenepo ndi pamene anaphunzira chimene woyendetsa ngolo aliyense amadziwa, chakuti ngolo ya mawilo awiri siiona kuchuluka kwa katundu kokha, imaonanso pamene katunduyo wakhala. Ukaunjika nkhuni kutsogolo, goli limakanikiza makosi a ng'ombe mpaka kuzigwaditsa. Ukaunjika kumbuyo, mtengo wa ngolo umadzuka, goli n'kumanyamula ng'ombe kukhosi, ndipo pa chitunda ngolo yonse imafuna kugadama. Nkhuni n'zomwezo, ng'ombe n'zomwezo, koma ulendo wasiyana.

M'zaka za nkhondo ya ufulu, misewu ya kumafamu itayamba kuopsa chifukwa cha mabomba okwirira, azungu ambiri a ku Mashonaland anayamba kudalira tindege tawo. Mwini famu yathu anagula Cessna 172, ndege ya mipando inayi, nalambulitsa bwalo la udzu pakati pa munda wa chimanga ndi mzere wa mitengo ya bulugamu. Bambo anasankhidwa kuti azitchetcha bwalolo, kuthamangitsa ng'ombe, kupopa mafuta kuchoka m'mgolo, kupukuta magalasi ndi kulongedza katundu. Kwa anthu a m'komboni, ndege sichinali chinthu chochiyandikira dala. Onse ankakumbukira ndege ya Wenela imene inagwa ku Francistown pa 4 Epulo 1974 n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankachokera ku migodi ya ku Joni, ngozi imene inachititsa Dr Banda kuletsa Wenela kulemba anthu m'Malawi. Choncho bambo atalandira ntchitoyo, amayi analira. Koma ntchitoyo inali ndi ovololo yoyera, malipiro okwererapo pang'ono ndi nyumba ya njerwa kumapeto kwa komboni.

Ndikukumbukira bwino mmene ankayesera ndege akatha kulongedza, chifukwa masiku a tchuthi ndinkawanyamulira ndowa. Anthu onse akakwera, injini isanalizidwe, bambo ankagwada pa mwendo wakutsogolo wa ndege. Pa mwendowo pali chitsulo chonyezimira chimene chimalowa ndi kutuluka malinga ndi mmene mphuno ya ndege yalemedwera. Ankaikapo zala zawo. Chitsulocho chikatuluka kupitirira zala zimene iwo ankadziwa, ankapita kumchira, n'kuukanikiza pansi ndi dzanja limodzi, n'kuusiya. Mchira ukabwerera m'mwamba msanga, ankakweza chala chachikulu kwa bwana. Ukabwerera mwaulesi, ngati munthu wodzuka ku tulo, ankatsegula kachitseko ka katundu n'kuyamba kusuntha zinthu. Bwana wamkulu ankawalola. Ankawerengera zake pa kapepala, ndipo bambo ankanyadira kunena kuti kapepalako ndi zala zawo sizinatsutsanepo.

Tsiku limene ndikunenali bwana wamkulu kunalibe. Chinali chaka chachitatu cha chilala, mbande za fodya zili pa nazale, ndipo mota ya pampu ya madzi inapsa. Mwana wa bwana, amene anali atangolandira kumene chiphaso choulutsira ndege, anati aitengere ku Harare kuti akaikonze tsiku lomwelo. M'ndegemo munakwera iyeyo, mkazi wake pampando wakutsogolo, ndi amuna awiri ojintcha, alimi a mafamu oyandikana nafe, pampando wakumbuyo. Bambo anakulunga motayo m'chiguduli, naigoneka motsamira msana wa mpando wakumbuyo, naimanga. Mnyamatayo ataona kuti chiguduli chili ndi girizi ndipo chidetsa nsalu ya mpando, analamula kuti motayo ikankhidwire mkati kwambiri, chakumchira. Bambo anati, "Aikona, baas." Mnyamatayo anati, "Faka lapa!" Bambo anabwereza mawu awo omwewo, akuloza mwendo wakutsogolo ndi zala. Mnyamatayo anatsika, naikankha yekha motayo, natseka kachitseko.

Inali nthawi ya masana, dzuwa la Okutobala lili paliwombo. Ndege inathamanga pa udzu, ndipo isanafike pamene inkanyamukira masiku onse, mphuno inadzuka. Inakwera pang'ono ikuyang'ana kumwamba ngati nkhuku yomwa madzi, inagwedezeka, phiko lakumanzere linapendekeka, kenaka inakhala pansi mwamphamvu m'munda wolimidwa kumene, mitengo ya bulugamu ili patsogolo pake. Mwendo wakutsogolo unathyoka, ndege n'kugwa chamutu. Palibe anafa. Mkazi uja anathyoka mkono, ndipo mmodzi wa alimi aja anatemeka pamphumi. Madzulo ake kapitawo anabwera kunyumba kudzatenga ovololo. Mlandu unali wakuti wolongedza katundu sanamange bwino mota. Sabata yotsatira tinasamuka m'nyumba ya njerwa, ndipo bambo anabwerera ku mabalani, kukasonkhezera moto usiku.

Apa ndiyenera kuulula mbali yanga. Ndinaona zonse ndi maso anga, ndili ndi zaka 12, komabe m'kupita kwa zaka ndinayamba kukayika. Ndinapita ku sekondale, ndinaphunzira sayansi m'Chingerezi, ndipo ndinayamba kuganiza kuti ndege ndi chinthu cha masamu, chimene munthu wosadziwa kulemba dzina lake sangachiweruze ndi zala. Mwina injini inafooka. Mwina mphepo inatembenuka. Mwinanso chingwe chinamasukadi. Sindinawauzepo bambo maganizo amenewa, koma munthu wamkulu amadziwa pamene mwana wake akumumvera mwaulemu chabe. Tsiku lina, nditabwera kutchuthi kuchokera ku yunivesite, anayamba nkhani ija, ndipo ine ndinati, "Bambo, zinapita zimenezo." Anandiyang'ana, nati, "Chabwino, aphunzitsi." Sanainenenso kwa ine mwachindunji. Ankangoiuza ndege zodutsa.

Mu 2002, mkati mwa kulandidwa kwa mafamu kumene kunayamba mu 2000, anthu a m'komboni yathu anabalalika. Lamulo la unzika la 2001 linali litasandutsa ambiri mwa iwo, ngakhale obadwira m'Zimbabwe momwemo, kukhala alendo, kotero kuti pogawa minda ochepa okha ndi amene anakumbukiridwa. Bambo ndi amayi anakakhala kwa mlongo wanga ku Chikonohono, m'tauni ya Chinhoyi. Ku Ntcheu sanabwerereko, popeza amene akanawalandira anali atatha. Anamwalira mu 2004 ali mtchona, monga amanenera kwathu za munthu amene anapita ku ulendo osabwerera.

Nkhaniyi ikanathera pomwepo pakanapanda mwana wamkazi wa mlongo wanga uja. Iyeyu akuphunzira kuulutsa ndege pa bwalo la Charles Prince ku Mount Hampden, kunja kwa Harare, bwalo lomwelo limene ndege ija inkapita tsiku la ngoziyo. Popeza ola limodzi m'ndege yeniyeni limadya ndalama zambiri, amayeserera kunyumba pa kompyuta ndi pulogalamu ya Microsoft Flight Simulator. Pulogalamuyi inayamba mu 1982, koma imene inatuluka mu 2020 ili ndi dziko lonse lapansi, lojambulidwa kuchokera ku zithunzi za setilaiti. Nditapita kukacheza pa Khirisimasi ya 2023, anandikhazika pampando wake kuti andionetse Chinhoyi kuchokera m'mwamba. Asananyamuke anatsegula tsamba lina lokhala ndi chithunzi cha ndege, mipando yake, matanki ake ndi manambala pambali.

Ndinafunsa kuti n'chiyani. Anati, "Amalume, apa ndi pamene timaika kulemera kwa anthu, mafuta ndi katundu. Kadontho aka kakatuluka m'malire awa, sitinyamuka." Ndinayang'ana kadonthoko nthawi yaitali. Kenaka ndinamufunsa ngati amayi ake anamuuzapo za agogo ake ndi ndege ya pa famu. Anati anamva kuti ankaitsuka.

Zimene anandiphunzitsa usiku umenewo ndiyesa kuzifotokoza m'chiyankhulo cha bambo anga. Ndege iliyonse ili ndi malire awiri. Oyamba ndi a kulemera konse. Cessna 172S, imene ili m'pulogalamuyi, siloledwa kunyamuka ikaposa mapaundi 2,550, amene ndi makilogalamu 1,157. Achiwiri ndi a malo pamene kulemera konseko kwasonkhana, malo akuti mutati muikoleke ndegeyo pa chingwe chimodzi pamenepo, ingalendewere yosapendekeka. Opanga ndege amasankha poyambira kuyeza, ndipo pa Cessna 172 poyambirapo ndi chitsulo chimene chimalekanitsa injini ndi mokhala anthu. Kuchokera pamenepo, mipando yakutsogolo ili pa mainchi 37, mafuta a m'mapiko pa 48, mpando wakumbuyo pa 73, malo oyamba a katundu pa 95, ndipo malo achiwiri, a chakumchira, pa 123. Chinthu chilichonse mumachulukitsa kulemera kwake ndi mtunda wake, n'kuphatikiza zotsatira zonse, n'kugawa ndi kulemera konse kwa ndege. Yankho lake ndi kadontho kaja. Pa ndege imeneyi kadonthoko sikayenera kupitirira mainchi 47.3 chakumbuyo.

Chifukwa chake n'chomwe chija cha ngolo. Mapiko ndiwo amanyamula ndege, ndipo timapiko ta kumchira ndito timaweramitsa kapena kudzutsa mphuno. Kulemera kukasonkhana patsogolo kwambiri, mphuno imakana kudzuka ponyamuka ndi potera. Kukasonkhana kumbuyo kwambiri, mphuno imadzuka yokha, ndege imaleka kudzibweza yokha ikapendekeka, ndipo woyendetsa akakankha chiwongolero kuti aiweramitse, mchira umakhala ndi mphamvu yochepa yomumvera. Mphuno ikadzuka mopitirira, mphepo imaleka kuyenda bwino pamwamba pa mapiko, ndipo ndege imagwa ngakhale injini ikulira. Aliyense amene anakwerapo chitunda pa njinga, thumba la chimanga lili pa kaliyala, gudumu lakutsogolo n'kuyamba kuyandama, wamva kale m'manja mwake chimene ndikunenachi.

Ndinamupempha kuti tiikemo anthu a tsiku lija. Pulogalamuyi ikangotsegulidwa imaika munthu wa mapaundi 170 pampando wa woyendetsa, munthu wopanda nkhope amene akatswiri a ku America anamuyesa kale kuti ndiye munthu wamba. Tinamuchotsa. Ndege yopanda kanthu tinaiwerengera mapaundi 1,650 pa mainchi 39. Mwana wa bwana, amene anali wochepa thupi, tinamupatsa 160, mkazi wake 120, alimi awiri aja 180 aliyense. Mafuta tinaika magaloni 20, pafupifupi malita 76, popeza ulendo wa ku Mount Hampden unali waufupi, ndipo galoni limodzi la mafuta a ndege zotere limalemera mapaundi 6. Za mota bambo ankati inkaposa pang'ono thumba la feteleza, choncho tinaipatsa mapaundi 120, amene ndi makilogalamu 54. Zonse pamodzi zinakwana 2,530. Ndegeyo sinapitirire malire a kulemera. Inatsala ndi mapaundi 20.

Kuti tithe kusuntha motayo, mwanayo anatsegula fayilo imene imasunga maonekedwe a ndegeyo, pa chigawo chotchedwa WEIGHT_AND_BALANCE. M'menemo malo aliwonse okhalapo munthu kapena katundu ali ndi mzere wake, wonena kulemera ndi mtunda. Anawonjezera mzere wina wa malo a chakumchira. Ine sindinakhulupirire kompyuta yokha, ndinatenga pensulo ndi envelopu yakale n'kuwerengera pambali. Mota ili pamene bambo anaiika, pa mainchi 95, zochulukitsa zonse zinakwana 118,150, ndipo pogawa ndi 2,530 kadontho kanagwa pa 46.7, mkati mwa malire. Mota ili pamene mnyamata uja anaikankhira, pa mainchi 123, zinakwana 121,510, ndipo kadontho kanagwa pa 48.0, kunja kwa malire. Mwanayo anandiuzanso kuti malo a chakumchirawo saloledwa kunyamula zoposa mapaundi 50. Ndinabwereza masamuwo katatu. Kusiyana kwa 48.0 ndi 47.3 sikufika masentimita awiri. Ndinaika chala changa chachikulu pa rula ya mwanayo, ndipo chinaphimba mtunda wonsewo.

Kenaka tinaulutsa. Tinafunafuna famu ija potsatira njanji ndi msewu wa Banket, ndipo ndinaizindikira ndi damu lake. Mabalani ankaoneka opanda madenga, ndipo pamene panali bwalo panali timinda ting'onoting'ono. Choncho tinanyamukira pa bwalo lina la udzu la m'dera lomwelo, titakweza kutentha kwa mpweya kufika madigiri 33. Dera limeneli lili pamtunda wa mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa pamtunda wotere ukatentha umapyapyala, injini imachepa mphamvu, mapiko nawo amafuna liwiro lalikulu kuti anyamule. Ine nditagwira chiwongolero ndinagwetsa ndege kulikonse kumene mota inali, choncho umboni wanga tinauchotsa. Mwanayo ndiye anaulutsa. Mota ili pamene bambo anaiika, ndege inanyamuka molemedwa koma momvera. Ili chakumchira, mphuno inadzuka nthawi isanakwane, ndipo iye anafulumira kuikankha, n'kupitirira bwinobwino. Anati, "Amalume, ikutheka, koma chifukwa choti ndikudziwa chimene chikubwera." Ndinamupempha kuti aulutse ngati munthu amene sakudziwa, amene waona mitengo patsogolo n'kukoka chiwongolero monga amachitira masiku onse. Mphuno inayang'ana kumwamba, kabelu kochenjeza kanalira, phiko lakumanzere linapendekeka. Ndinamuuza kuti azimitse zisanathe.

Ndine munthu wa kafukufuku, ndipo ndikudziwa kulemera kwa umboni umenewu. Manambala a anthu aja ndinawatenga m'maso a mwana wa zaka 12. Ndege ya pa famu inali ya mtundu wakale, ya injini yocheperapo ndi malire a kulemera otsikirapo, ngakhale kuti malire a kumbuyo a 47.3 anali omwewo. Kompyuta si bwalo la milandu, ndipo onse amene akanayankha mlanduwo anapita. Koma funso limene ndinalisunga zaka zonsezi silinali lakuti ndani alipe. Linali lakuti kodi chimene bambo ankayeza ndi zala chinali chinthu chenicheni, kapena chinali mwambo chabe wa munthu wofuna kuoneka wofunika pa ntchito. Yankho lake ndinalipeza pa envelopu ija. Chitsulo cha mwendo wakutsogolo chimatuluka pamene kulemera kwasunthira kumbuyo, ndipo mchira umabwerera mwaulesi pa chifukwa chomwecho. Bambo ankawerenga kadontho komweko, pa sikelo ina.

Ndiponso si anyamata a pa famu okha amene amalakwitsa zimenezi. Pa 8 Januwale 2003, ndege ya Air Midwest ya mtundu wa Beechcraft 1900D inagwa itangonyamuka ku Charlotte, m'dziko la America, n'kupha anthu onse 21. Ofufuza anapeza kuti zingwe za chiwongolero cha kumchira zinamangidwa molakwika pokonza, komanso kuti ndegeyo inalemera mopitirira ndipo kulemerako kunali kumbuyo kwambiri. Oyendetsa anawerengera molondola, koma anagwiritsa ntchito kulemera kongoyerekeza kwa munthu wamba, pamene anthu enieni amene anakwera, ndi zikwama zawo, anali olemera kuposa pamenepo. Pambuyo pa ngoziyo manambala oyerekezawo anakwezedwa. Pa 29 Epulo 2013, Boeing 747 yonyamula katundu inagwa ku Bagram, m'dziko la Afghanistan, galimoto yankhondo imene inanyamula itaduka zomangira n'kutsetserekera kumchira, ndipo anthu 7 anafa. Pa ngozi ziwirizi mapepala analipo, osainidwa. Chimene chinasowa ndi chimene bambo ankachita, kupita kukagwira ndege yeniyeniyo ndi katundu weniweniyo.

Monga mphunzitsi wa sayansi ya ziyankhulo, chimene chimandisowetsa tulo ndi mawu anayi aja amene anayankhulidwa pa bwalo. Bambo ndi mwana wa bwana ankakumana m'Chilapalapa, chiyankhulo cha pa ntchito chimene ku migodi ya ku Joni amati Fanakalo. Pa famu chinkagwiritsidwa ntchito potuma ndi povomera: tenga, ika, bwera, fulumira. Munthu wapansi ankatha kukana nacho, koma mpata wofotokoza chifukwa chokanira panalibe, ndipo wapamwamba sanaphunzitsidwe kudikira chifukwacho. M'Chichewa bambo akanatha kunena zonse. Akanati ndege yakhalira matako, yapepuka kumutu, ikadzuka siweramanso. Mnyamatayo anakulira pa famu pomwepo, analeredwa ndi amayi a m'komboni mwathu, koma Chichewa chake chinathera pa moni. Iyenso anali ndi mawu ake a m'buku, a Chingerezi, amene anakhoza nawo mayeso miyezi yochepa m'mbuyomo. Anthu awiri anaima pambali pa ndege imodzi, aliyense akudziwa theka la chinthu chimodzi, ndipo chiyankhulo chimene chinali pakati pawo chinangokwanira kusonyeza amene ali bwana.

Ophunzira anga amadziwa kuti ndimakonda tsinde la -lem-. Katundu amalemera, munthu wachuma amalemeranso. Wosenza amalemedwa, ndipo akayenda mtunda amalema. Munthu wamkulu timamulemekeza, kumupatsa ulemu, ndiye kuti kumuyesa wolemera. Anzathu a Chishona ali ndi kurema ndi kuremekedza, mwa njira yomweyo. Mbali inayo, chinthu chimapepuka, ndipo munthu amene sitimuwerengera timamupeputsa. Ndaphunzitsa zimenezi zaka zambiri ngati chitsanzo chokoma cha mmene matanthauzo amaphukira kuchokera ku thupi kupita ku khalidwe. Sindinaganizepo kuti ndikufotokoza mlandu wanga womwe. Mwana wa bwana anapeputsa mawu a bambo tsiku limodzi, ali ndi mantha a fodya wofota ndi manyazi a mnyamata wotsutsidwa pamaso pa mkazi wake. Ine ndinawapeputsa zaka 20, ndili ndi madigiri.

Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 anaika Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka, ndipo anatsegulanso njira ya unzika kwa obadwira m'dzikomo amene makolo awo anachokera m'maiko a SADC. Bambo sanazione zimenezo. Ku Malawi, a Centre for Language Studies ku Zomba anatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000, ndipo ntchito yopanga mawu a sayansi ikupitirira m'misonkhano imene inenso ndakhalamo. M'misonkhano yotere timakonda kuyamba ndi mndandanda wa mawu a Chingerezi, n'kumafunsana kuti tiwatembenuze bwanji, ngati kuti nzeruyo ikufika koyamba ndipo chiyankhulo chathu ndi nyumba yopanda kanthu yoilandirira. Sitinaitanepo woyendetsa ngolo, wopalasa bwato la pa nyanja, wa kabaza kapena wolongedza malole a fodya kuti atiuze mawu amene amagwiritsa kale ntchito.

Usiku womwewo mwanayo anandifunsa kuti kadontho kaja tingakatche chiyani m'Chichewa. Ndinayesa mawu angapo a m'kalasi, monga pakati pa kulemera ndi phata la kulemera, koma onse ankamveka ngati ovala jekete yobwereka. Mlongo wanga, amene ankasenda mbatata kukhitchini akumvetsera, anati, "Si pa nkhata pamenepo?" Mkazi akasenza mtolo wautali wa nkhuni, amausuntha pamutu, kutsogolo pang'ono, kumbuyo pang'ono, kufikira utakhazikika, ndipo akatero amachotsa manja n'kumayenda. Pamene mtolo wakhudza nkhata ndi pamene kulemera kwake konse kwasonkhana. Mlongo wanga analekeza sukulu ali Giredi 5, chaka chimene tinachoka m'nyumba ya njerwa, kuti ndalama zochepa zimene zinatsala zilipirire ine. Anawonjezera kuti bambo ankanena mawu omwewo, kuti ndege ili ndi nkhata yake pansi pa mapiko. Iye ankawamvetsera.

Sindikudziwa ngati mawuwa adzalowa m'buku lililonse, ndipo sindikuwakakamiza pa anzanga a ntchito. Ndinangowalemba pa envelopu ija, pansi pa masamu. Mwanayo anaijambula ndi foni yake, nati akaionetsa mphunzitsi wake ku Mount Hampden. Patapita milungu ingapo ananditumizira uthenga wakuti tsopano akamayendera ndege asananyamuke, atatha kuwerengera zonse za pa pepala, amagwada pa mwendo wakutsogolo n'kuikapo zala. Anafunsa kuti agogo ake ankaika zala zingati. Ndinayesa kukumbukira. Ndikuona ovololo yoyera, ndikuona bondo lawo pa udzu, ndikumva fungo la mafuta ndi kulemera kwa ndowa m'dzanja langa, koma zalazo sindinaziwerenge. Ndinamuyankha kuti afunse amayi ake.